Nkhani yanu ya bowa yaika mlongo wanga pachiswe

Akonzi,

Ndalemba kalatayi mtima ukuwawa chifukwa cha nkhani imene munatulutsa sabata yatha, ija mutu wake unkalengeza kuti bowa wokhala ndi mankhwala osokoneza bongo otchedwa psilocybin akuchiritsa matenda ovutika maganizo. Lachitatu ndinapeza mlongo wanga atakhala pakama, nkhani yanu ili pafoni, kabotolo ka mapilisi ake kali m'bini. Anali atatha masiku anayi osamwa. Mutu unkamuzungulira, manja akunjenjemera, tulo osabwera. Akuti ankafuna thupi liyere kaye kuti akadzapeza bowayo adzagwire bwino ntchito. Zaka ziwiri zimene tavutika kumulimbikitsa kumwa mankhwala, inu mwangozigwetsa ndi mutu umodzi wa nkhani.

Amene sanakhalepo ndi munthu woganiza kwambiri sangamvetse chifukwa chake anathamangira. Mlongo wanga amadzidzimuka 2 koloko usiku n'kuyamba kuwerenga zolakwa zake: mawu amene anayankha mnzake zaka khumi zapitazo, ntchito imene anaisiya, kenako mawu aja kachiwiri. Maganizo ake ali ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, kuzungulira pamodzimodzi mpaka udzu kutha, kutsala fumbi lokhalokha. Munthu wotere ukamuuza kuti kuli chodula chingwecho, sadikira kumva ndime yachiwiri.

Chikundipweteka n'chakuti sayansi yake ndi yeniyeni. Mu 2001 katswiri wa za ubongo Marcus Raichle anafotokoza za mbali za ubongo zimene zimagwirira ntchito limodzi munthu akangokhala duu n'kumaganiza za iye mwini, za dzulo ndi za mawa. Amazitcha default mode network, ndipo ofufuza amazigwirizanitsa ndi kubwerezabwereza maganizo kumene kumazunza odwala ngati mlongo wanga. Mu 2012 Robin Carhart-Harris ndi anzake a ku Imperial College London anajambula ubongo wa anthu amene anapatsidwa psilocybin, n'kuona kuti mbali zikuluzikulu za gulu limeneli zinachepetsa ntchito. Mankhwalawa amakagwira pamalo a mu ubongo otchedwa 5-HT2A, pamene serotonin, yomwe imanyamula mauthenga mu ubongo, imagwiranso. Chiyembekezo cha ofufuza n'chakuti chingwe chija chimalendewera kwa kanthawi, munthu n'kutha kuona moyo wake mwanjira ina. Ine ndikulakalaka zitatheka, mwina kuposa inu nonse kumeneko.

Koma kodi mtolankhani wanu anawerenga kafukufukuyo, kapena anangoona chithunzi cha bowa n'kuthamangira pakompyuta? Mu 2021 gulu lomwelo la ku London linayerekeza psilocybin ndi mapilisi a matenda ovutika maganizo otchedwa escitalopram pa anthu 59 kwa milungu 6, ndipo pa muyezo waukulu umene anasankha sipanaoneke kusiyana kotsimikizika. Mu 2022 kafukufuku wa kampani ya COMPASS Pathways anali ndi anthu 233. Mwa amene analandira mamiligalamu 25 a psilocybin, pafupifupi 29 pa 100 alionse ndi amene zizindikiro zinawathera pofika sabata yachitatu. Nanga enawo? Ena mwa odwalawo anakhala ndi maganizo ofuna kudzipha. Zimenezi simunalembe. Simunalembenso kuti ofufuza amakana kulowetsa munthu amene anadwalapo misala kapena amene m'banja mwawo muli nthendayo, poopa kuidzutsa. Simunalembe kuti wodwala amakonzekeretsedwa kaye, amagona m'chipinda cha chipatala akatswiri ali pambali pake kwa maola 6 kapena 8, ndipo amakambirana nawonso pambuyo pake. Mlingo umayezedwa mu labotale. Inu mwasiya owerenga akuganiza kuti n'kungozula bowa n'kutafuna, chonsecho bowa wina ngati Amanita phalloides amawononga chiwindi mpaka munthu kufa.

Ngakhale maboma akuyenda mosamala. Psilocybin ali pa mndandanda woyamba wa mankhwala oletsedwa mu pangano la United Nations la 1971. Dziko la Australia linalola mankhwalawa mu July 2023, koma madokotala a zamaganizo ovomerezedwa mwapadera okha ndi amene angapereke, kwa odwala amene mankhwala ena akanika. Mu August 2024 bungwe la FDA loyang'anira mankhwala ku America linakana kuvomereza MDMA, mankhwala enanso osokoneza bongo, pa anthu ovutika ndi zoopsa zimene anakumana nazo, n'kupempha kafukufuku wina. Nanga inu mphamvu yolengeza kuti mankhwala apezeka munaitenga kuti?

Ndipo si koyamba. Nkhani za umoyo mumazilemba ngati zigoli za mpira: lero chakuti chapha khansa, mawa chakuti chathetsa shuga, mkuja palibe wobwerera kudzatiuza kuti zinathera pati. Bungwe la WHO likuti anthu odwala matenda ovutika maganizo padziko lonse ndi oposa 280 miliyoni, koma za mankhwala ndi uphungu zimene zikuthandiza kale ambiri mwa iwo simulemba, poti sizikoka anthu pa Facebook.

Konzani nkhaniyo ndi zilembo zazikulu ngati zimene munalembera mutu uja, funsani dokotala wa zamaganizo musanatulutse ina, ndipo ikani poonekera kuti munthu asasiye mankhwala asanaonane ndi dokotala wake. Mlongo wanga ndinapita naye kuchipatala Lachisanu, wayambiranso kumwa, koma mpaka pano sakugona.

Ine wowerenga wanu wokhumudwa