Kalata ya Abusa: Za Sikelo Yobera

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

Mtendere ukhale nanu nonse.

Loweruka lapitali ndinakhala nawo pamsonkhano wa achinyamata. Mtsikana wathu wina amene akuphunzira filosofi ku Chirunga, ku University of Malawi, anatifotokozera za phunziro lotchedwa ethics. Anati ndi nthambi ya filosofi yofufuza kuti chabwino n'chiti, choipa n'chiti, ndipo tidziwa bwanji. Dzinalo lachokera ku liwu lachigiriki lakuti ethos, kutanthauza khalidwe kapena chizolowezi. Ena amaweruza chochita poona zotsatira zake. Immanuel Kant, amene anamwalira mu 1804, ankati usachite chinthu chimene sungafune kuti anthu onse azichita. Aristotle yekha ndiye anandigwira mtima: munthu amasanduka wolungama pochita zolungama mobwerezabwereza, monga mmisiri aphunzira kumanga pomanga. Agogo athu akanangoti umunthu, basi.

Tinaomba m'manja. Koma ndinapita kunyumba mtima uli wolemera, chifukwa m'mawa wa tsiku lomwelo mayi wamasiye wa mumpingo uno anabwera kwa ine akulira. Thumba lake la nandolo analiyeza kwa mnansi, linakwana makilogalamu 50. Atafika nalo kwa wogula, sikelo inaonetsa 43. Wogulayo ndi mkhristu mnzathu, ndipo Lamulungu amaimba nafe.

"Muyeso wonyenga unyansa Yehova" (Miyambo 11:1).

Musandiuze kuti ndi mmene bizinesi imayendera. Musandiuze kuti mavenda onse ku Jali ndi ku Songani amatero. Inu amene mumapotokola sikelo, inu amene mumaphwanya pansi pa chitini choyezera mpunga kuti chichepe, simunasowe maphunziro a ku Chirunga. Mukudziwa. N'chifukwa chake mumaimika sikeloyo moti wogulitsa asaone bwino manambala. Munayamba ndi kilogalamu imodzi, lero chasanduka chizolowezi, ndipo chikumbumtima chachita dzanzi. "Kwa iye amene adziwa kuchita bwino, ndipo sachita, kwa iye kuli tchimo" (Yakobo 4:17). Chakhumi chochokera m'thumba la wamasiye ine sindichifuna.

Mwini nkhaniyi akudzidziwa. Abweze ndalama za mayiyo lisanafike Lachisanu, apo ayi akulu a mpingo adzamuitana kubwalo, ndipo pa Mgonero sadzayandikira.

Za denga la tchalitchi: malata akadali operewera ndipo mvula ili pafupi. Banja lililonse lipereke K5,000 kwa msungichuma pofika kumapeto kwa mwezi uno. Amayi a Mvano akumane Lachinayi 2 koloko masana, abwere ndi makasu.

Ine mbusa wanu.