Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya lole ndi makala

Mwana wanga,

Kuno ku Mzuzu tili bwino, kungoti mawondo a bambo ako amavuta kukazizira. Mawu ako a pa foni aja andikhala pamtima. Unati lole wagulayo izinyamula makala kuchokera cha ku Chikangawa, ndipo nditatchula za kusintha kwa nyengo unandiyankha kuti awononga dziko ndi azungu, ife tivutikirenji.

Pamenepo sunaname. Chikutenthetsa dziko ndi mpweya wa kaboni umene umatuluka anthu akamawotcha malasha, mafuta ndi gasi. Mpweyawu umaunjikana m'mlengalenga n'kumasunga kutentha monga limachitira bulangete. Mayiko a ku Ulaya ndi America anayamba kuutulutsa kalekale, lero China ndiye ili patsogolo, pamene Africa yonse siposa magawo 4 pa 100 alionse. Komatu namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sanagwetse nyumba ku London, anakokolola anthu ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Ku Paris mu 2015 mayiko analonjeza kuchepetsa utsi wawo, ndipo ku Egypt mu 2022 anavomera kukhazikitsa thumba la ndalama zothandiza mayiko amene akuwonongekedwa. Mayiko osauka amafunsabe olemera kuti inu munalemera ndi malasha, nanga ife mukutiletseranji? Funsoli ine ndimalimva. Ku Mchenga, ku Rumphi kuja, anthu amadyera malasha, ndipo sindingaime pagulu n'kunena kuti mgodi utsekedwe iwo agone ndi njala.

Koma mitengo imene ukufuna kupindula nayo siili ku China ayi. Uli wamng'ono, tikamadutsa ku Chikangawa pa basi unkaopa mdima wa mapaini masana dzuwa likuswa mtengo. Lero m'malo ambiri mwangotsala zitsa. Mtengo ukapsa, kaboni yense amene unasunga amabwerera m'mwamba, inde, koma chimene chimandisowetsa tulo ine chili pafupi kuposa apo. Madzi amene unakulira amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo amene amawasunga ndi nkhalango ya Kaning'ina. Nkhwangwa ikamaliza kwina idzafika komweko. Phiri likakhala lambee, mvula yamphamvu imene ikumagwa masiku anoyi imatsika ndi dothi lonse, damu n'kukwiririka, nyumba za m'mitsetse n'kugwa.

Udzati nanga mayi mumaphikira chiyani? Makala omwewo, magetsi akazima, ndipo unaona wekha mmene anazimira mu 2022 namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a ku Kapichira. N'chifukwa chake ndinagula chitetezo mbaula, nkhuni zochepa zimandikwanira. Koma mayi wogula thumba limodzi ndi wosiyana ndi munthu wodzaza lole sabata ndi sabata, amene akutuma anyamata kukagwetsa misuku ndi miombo. Usaiwalenso kuti galimoto yogwidwa ndi makala opanda chilolezo boma likhoza kuilanda, ngongole yako ikadalipo.

Katundu wina alipo. Mpunga wa kilombero ku Karonga ukusowa wonyamula, usipa ku Nkhata Bay chimodzimodzi. Bambo ako akuti ubwere kumapeto kwa mwezi, apite nawe kwa mnzawo wa mu msika amene amaitanitsa mpunga. Ubwere ndi adzukulu anga, ndipo uwatengere majuzi.

Ndine mayi ako.