Kwa mwana wanga amene akufunafuna Mulungu pamwamba pa phiri

Wokondedwa mwana wanga,

Ndalandira uthenga wako wonena kuti mwezi wamawa ukufuna kukweranso phiri la Bunda kukasala kudya, ndiponso kuti mtima wako wauma chifukwa sukumumvanso Mulungu monga unkamumvera kale. Sindikukuletsa kupita, pakuti Ambuye Yesu mwini ankakwera phiri kukapemphera, ndipo ambiri amene amachezera pa Bunda kapena pa Soche ku Blantyre amapita ndi misozi yeniyeni. Koma popeza ndine ndinakubala, undilole ndinene zimene anzako akumapemphero sangakuuze.

Ukawerengenso mofatsa nkhani ya Namani pa 2 Mafumu 5. Munthu ameneyu anali mkulu wa ankhondo a ku Aramu, wolemekezeka pamaso pa mfumu yake, koma anali wakhate. Amene anamulozera kumene kunali thandizo sanali mlangizi wa mfumu ayi, koma kamtsikana kogwidwa kunkhondo kamene kankatumikira mkazi wake. Atafika pakhomo pa Elisa ndi akavalo ndi magaleta, mneneriyo sanatuluke n'komwe, anangotuma munthu kukamuuza kuti akasambe kasanu ndi kawiri mu Yordano. Namani anapsa mtima, chifukwa iye ankayembekeza kuti mneneri atuluka, aima, aitana dzina la Mulungu wake ndi kuweyula dzanja pamalo odwalawo, ndipo anafika ponena kuti Abana ndi Faripara, mitsinje ya ku Damasiko, ndi yabwino kuposa madzi onse a mu Israyeli. Taona, iye sankakana kuchira, koma ankafuna kuchira m'njira yoyenera munthu waudindo wake. Anali antchito ake amene anamufunsa kuti, mneneri akanalamula chinthu chachikulu, kodi sakanachichita?

Funso limenelo ndikukufunsa iwe. Kusala kudya pamwamba pa phiri n'kovuta pathupi, koma kuli ndi malipiro ake, chifukwa potsika anthu amakutcha munthu wa Mulungu, ndipo pamsonkhano amakupatsa mpando wakutsogolo. Chiyambire pamene unasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndaona kuti mawu akuti "ine" achuluka pakamwa pako, ngakhale popereka umboni wa zimene Mulungu wachita. Kudzikuza kuli ngati nsabwe za m'malaya: ukakwera phiri umakwera nazo, ndipo zimaluma bwino lomwe munthu atavala jekete ya Lamulungu.

Pakadali pano apongozi ako ali gone m'chipatala, ndipo mkazi wako ndi amene akuwadikirira. Amagona pansi pambali pa bedi, m'mamawa amakaphika phala kumalo a odikirira odwala, kenako amawamwetsa ndi supuni pang'onopang'ono, kudikira kuti ameze. Koma mwana wamkazi sangasambitse bambo ake omubala, ndipo alamu ako onse ali kutali. Ntchito yotenthetsa madzi, kuwatsamiritsa pachifuwa pako, kuwapukuta msana ndi kuwadzoza mafuta m'miyendo yosweka ija ikusowa munthu wamwamuna. Palibe amene adzaimbe m'manja, palibe amene adzajambule kuti aike pa Facebook, ndipo mwina odwalawo adzakukalipira kuti madzi atentha kwambiri. Yordano wako ndi ameneyo.

Ine sindinaphunzire zaubusa, koma zaka zimene ndakhala m'Chigwirizano cha amayi zandionetsa kuti Mulungu amapezeka kawirikawiri pamene munthu wadziiwala. Tikapita kukachezera mayi wamasiye wokalamba, wina amasesa, wina amachapa zofunda zonunkha mkodzo, wina amazira pansi, ndipo nyimbo imangoyamba yokha popanda wolengeza. Mtendere umene umatsika pamenepo sindinaupezepo pamsonkhano uliwonse wachitsitsimutso. Chimodzimodzinso kumanda: adzukulu akamakumba, khasu limazungulira aliyense, mphunzitsi ndi mlimi wa ganyu yemwe, ndipo dothi silifunsa kuti wavala nsapato zotani.

Usaganize kuti ndikukuuza kuti udzinyoze kapena uleke udindo wako. Munthu wodzichepetsa mokuwa, amene amafuna kuti onse adziwe kuti wakhala kumbuyo, akufunabe mpando womwe uja, kungoti walowera khomo lina. Pa Yohane 13 timamva kuti Yesu anavula malaya ake akunja, nadzimanga nsalu m'chiuno, n'kusambitsa mapazi a ophunzira ake akudziwa bwino kuti anachokera kwa Mulungu ndipo akubwerera kwa Mulungu. Wodziwa kumene wachokera saopa beseni. Zizindikiro zake ndi zazing'ono: kulola kuti maganizo a dikoni wachichepere apambane ako pamsonkhano, kupepesa mkazi wako ana akumva, ndi kupereka thandizo osatchula kuti lachokera kwa iwe.

Pempho langa ndi lakuti masiku amene unapatula kuti ukakhale pa Bunda ukawathere kuchipatala, kuti mpongozi wanga apumeko ndi kuonana ndi ana. Ngati ukufuna kusala kudya, ukasale komweko, osauza munthu. Ndatumiza ufa wa mgaiwa ndi nsinjiro za phala la odwala, ndipo ukafika undiimbire kuti ndimve mmene agonera.

Ndine mayi ako okukonda.