Za kamakina kako koyezera mpweya

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako ndailandira ndipo ndaiwerenga kawiri. Ndakondwa kuti mwalowa m'nyumba yatsopano, koma zoti mwana akumadzuka maso ali ofiira ndi misozi akagona m'chipinda cha makabati atsopanowo zandidetsa nkhawa. Wanenanso kuti unagula kamakina koyezera formaldehyde, ndipo manambala ake amakwera ukangopukuta tebulo ndi sipiriti kapena ukadzithira perefyumu. Ukufunsa ngati anakugulitsa chinthu chabodza. Mwina ayi. Kamakinako kamamva ndithu, koma sikadziwa kuti kamva chiyani. Nkhani imeneyi ndakhala nayo miyezi yambiri tsopano, ndiye undilole nditambasule.

Kukayikira makabatiwo sunalakwitse. Matabwa ambiri amasiku ano ndi utuchi kapena timapepala ta mtengo tomatidwa ndi guluu, ndipo guluu wofala kwambiri amapangidwa ndi urea ndi formaldehyde. Guluuyo amatulutsa mpweyawu pang'onopang'ono, kwambiri katundu akadali watsopano, ndipo kukatentha kapena kukachita chinyezi amawonjeza. Ndi mpweya womwewu umene umakhala m'madzi a formalin osungira mitembo, kungoti m'menemo umakhala wochuluka, pafupifupi 37 peresenti. Ulibe mtundu. Ukachuluka umaluma m'maso ndi m'mphuno. Bungwe la IARC, lomwe limafufuza za khansa, linauika mu 2004 m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa mwa anthu. Mu 2010 bungwe la WHO linati m'nyumba usapitirire mamiligalamu 0.1 pa kyubiki mita imodzi ya mpweya kwa mphindi 30. Kumeneko ndi ngati magawo 80 pa magawo biliyoni imodzi. Taganiza kuchepa kwake! Ndiye chida choyezera chiyenera kukhala chatcheru kwambiri.

Apa ndi pamene graphene, chinthu chimene ofufuza akuyesa kupangira zida zoyezera zatcheru chotero, amandikoka mtima. Ukudziwa kuti mtima wa pensulo ndi graphite, timapepala ta kaboni tosanjikizana. Ukachotsa kapepala kamodzi kokha, kokhuthala atomu imodzi, maatomu ake atalukana ngati zisa za njuchi, ndiye graphene. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov a ku yunivesite ya Manchester anamupeza mu 2004 pomata ndi kumatula selotepi pa graphite, ndipo mu 2010 analandira mphoto ya Nobel. Chimene chimandidabwitsa nthawi zonse n'chakuti chinthuchi chilibe mkati. Atomu iliyonse ili panja, ikukhudzana ndi mpweya. Galamu imodzi yokha ingayalidwe pamalo oposa masikweya mita 2,600. Molekyu ya mpweya, kachidutswa kake kochepetsetsa, ikatera pamenepo imapereka kapena kulanda maelekitironi (tinthu tonyamula magetsi) pang'ono, ndipo kayendedwe ka magetsi m'kapepalako kamasintha. Woyeza amangowerenga kusinthako. Mu 2007 gulu lomwelo la ku Manchester linaonetsa kuti graphene angamve kutera kwa molekyu imodzi yokha ya mpweya wotchedwa nitrogen dioxide. Imodzi!

Pali ubwino wina. Masensa (tizida tomva mpweya) akale opangidwa ndi mankhwala a tin oxide amafuna kutenthetsedwa mpaka madigiri 200 kapena 400 kuti agwire ntchito, ndipo zimenezi zimadya batire. A graphene angagwire ntchito osatenthetsedwa.

Koma ndisakunyenge. Formaldehyde sagwirana bwino ndi graphene wosasakaniza kanthu. Amatera mopepuka n'kuuluka, chizindikiro chake n'kukhala chofooka. N'chifukwa chake ofufuza amamwaza timibulu ta tin oxide, zinc oxide, platinum kapena palladium pamwamba pake, kapena amagwiritsa ntchito graphene oxide amene ali ndi timabala tambiri pomwe molekyu ingakakamire. Timibuluto ndi timene timagwira mpweya, graphene n'kunyamula uthenga. Ukakonza zimenezo pamabuka zina. Nthunzi ya madzi nayo imatera pomwepo, choncho tsiku la chinyezi manambala amasokonekera. Molekyu ikakakamira kwambiri imachedwa kuchoka, ndipo sensa imafuna kuwalitsidwa ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa UV kapena kufunditsidwa kuti iyambirenso. Ndipo vuto lalikulu ndi lomwe lija waliona patebulo pako. Mowa wa m'sipiriti, acetone wochotsera utoto wa m'zikhadabo, fungo la perefyumu, zonsezi zimasintha magetsi mofananako. Ine ndikamawerenga malipoti onyadira kuti sensa yamva kachigawo kochepetsetsa, ndimathamangira kuona ngati anaiyesa m'mpweya wosakanikirana, wachinyezi, wonga wa m'nyumba ya munthu. Ambiri amayesera m'kabokosi kouma ka mu labotale, mpweya umodzi umodzi. M'chipinda chogona mwana mulibe mpweya umodzi.

Ntchito imene yandipatsa chiyembekezo ndi ya ku yunivesite ya Cambridge, imene inalengezedwa mu 2024. Anatenga phala la graphene, n'kulisindikiza ndi makina a 3D, kenaka n'kuliumitsa mozizira mpaka linasanduka aerogel, chinthu chopepuka chodzaza ndi timabowo, chimene ena amachitcha utsi wouma. Anaikamo timibulu ta tin oxide. Sensayo inamva formaldehyde wochepa mpaka magawo 8 pa biliyoni, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo khumi a malire a WHO aja, osaitenthetsa. Koma chimene chinandisangalatsa koposa ndi choti anaphunzitsa kompyuta kuzindikira mmene chizindikiro chimakwerera ndi kutsikira, chifukwa mpweya uliwonse uli ndi kayendedwe kake. Motero ankatha kulekanitsa formaldehyde ndi anzake. Kumeneko ndiye kuyankha funso lako lenileni.

Zimenezi ndi za kafukufuku, ndiye usataye nthawi kuzifuna m'sitolo. Ngati ukufuna nambala yodalirika, funsa a labotale amene amakoka mpweya kudzera m'kachubu kokhala ndi mankhwala a DNPH n'kukakapima. Njirayo ndi yochedwa, koma sisokonezedwa ndi perefyumu. Kamakina kakonso usakataye. Kayike m'chipindacho usiku, zitseko zotseka, popanda kupopera kapena kupukuta chilichonse, ulembe nambala m'mawa. Tsiku lina uchite chimodzimodzi mazenera atakhala otsegula. Kusiyana kwa manambala awiriwo kukuuza zambiri kuposa nambala iliyonse payokha.

Chonde, mwanayo ayambe wagona kwina. Makabatiwo uwasiye otsegula, mphepo izidutsa, ndipo chipindacho chisatenthe kwambiri. Maso akewo ukawaonetse kwa dokotala, chifukwa mwina pali chinanso, ndipo umuuze za katundu watsopanoyo. Undilembere manambala a masiku awiri aja, ndikufuna ndiwaone ndekha.

Upereke moni kwa onse m'nyumbamo. Ndakusowa kwambiri.

Ndine mnzako wa kalekale.