Mafashoni Osakhalitsa Akudzaza Mitaya

Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za mafashoni amene akusintha sabata ndi sabata pa TikTok ndi Instagram, moti chovala chogulidwa dzulo chikuoneka chachikale chisanachapidwe n'komwe. Makampani amasoka mothamanga pogwiritsa ntchito nsalu ya poliyesita, yomwe imachokera ku mafuta okumbidwa pansi ndipo siwola msanga, choncho malaya othothoka mabatani atangovalidwa kawiri amakathera kumtaya n'kukhala komweko zaka zambiri. Kuchipululu cha Atacama m'dziko la Chile kwaunjikana milu ya zovala zotayidwa, zina zikadali ndi timapepala tosonyeza mtengo. Chondiwawa kwambiri n'chakuti ogula aiwala msanga kuti mu 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh inagwa n'kupha anthu oposa 1,100, ambiri mwa iwo osoka zovala zotchipazi.

Wowerenga wokhudzidwa