Kalata kwa akhristu onse: za mnyamata wathu wa mkwaya

Okondedwa mwa Ambuye, moni nonse.

Ndakhala chete masabata angapo kuyembekeza kuti mwina zitha zokha koma zikungokula, ndiye ndalemba. Nonse mukudziwa za mnyamata wathu uja wa mkwaya, dzina sinditchula. Wina anatola mauthenga a mufoni mwake nkuyamba kumwaza pa WhatsApp kuti mwanayu amakonda amuna anzake, lero kwawo anamuthamangitsa, zovala anamuponyera panja mujumbo, akugona kuseli kwa sitolo ya mnzake kumsika. Lamulungu lapitali anabwera kutchalitchi, anakhala benchi yakumbuyo ndipo amene anali pa benchipo anasuntha onse. Ndinaona ndekha ndili paguwa. Potuluka palibe anamugwira chanza.

Abale, izi ndiye ayi.

Mundimvetse, sindikulemba zosintha chiphunzitso cha ukwati, imeneyo ndi nkhani ya akuluakulu a mpingo wonse osati ya kalata ino. Ndikulemba za miseche yanuyi. Mwanayu tinamubatiza ife tomwe, Sande sukulu anaphunzira pompano, pamaliro a amayi ambiri muno amaimba usiku onse mpaka mawu kusasa, lero mukumutchula mathanyula pa chitsime, pa mvano, ngakhale mu gulupu ya mapemphero imene tinatsegula kuti tizipemphererana odwala. Ena mpaka akuti tikamunenere kupolisi. Mukudziwa kuti lamulo la dziko lino limafika zaka 14 kundende, ndipo khothi linagamula mu Juni 2024 kuti lamulolo likhalabe, ndiye inu mawu amenewa mukawalankhula mukudziwa chimene mukumufunira mwana wa mnzanu? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, si ife timanena zimenezi?

Ambiri mukundiuza za Sodomu. Chabwino tiwerenge. Ezekieli 16:49: "Taona, mphulupulu ya mng'ono wako Sodomu ndi iyi, kudzikuza, kuchuluka kwa chakudya... ndipo sanalimbitsa dzanja la wosauka ndi wosowa." Mateyu 25:43: "Ndinali mlendo, ndipo simunandilandira Ine." Yohane 8:7, yakuti amene alibe tchimo ayambe kuponya mwala, mumaidziwa pamtima nonse.

Muno muli anthu amene ndakhala nawo pansi pa nkhani za chigololo, za ndalama za mpingo, za kumenya akazi, nkhani zawo zinathera mu ofesi mwanga ndipo palibe anawasunthira benchi. Chifundo chimene munalandira mwakachetechete mukuchimana mnzanu poyera, zikundiwawa kwambiri. Ndipo inu bambo ake ndi mayi ake, ndikudziwa mtima ukupweteka komanso manyazi ndi anthu, koma mwana ndi wanu, ndibwera kwanu Lachiwiri madzulo tidzakambirane.

Tsono zochita ndi izi. Amene muli ndi zithunzi ndi mauthenga aja mufoni fufutani lero lomwe, ma admin a magulupu ndikumva kuti zatumizidwanso ndidzakuitanani pamaso pa akulu a mpingo. Kuyambira mawa mnyamatayu azigona kunyumba ya abusa kufikira makolo ake atamulandira, amene zikumunyansa abwere adzandiuze ine osati kukanena kumsika. Tikufuna matiresi, bulangeti ndi thumba la chimanga, amene mungathe kaperekeni kwa amsungichuma pasanafike Lachisanu.

Akulu a mpingo ndi atsogoleri a mvano tikumane Lachinayi 4 koloko madzulo. Musaiwalenso chopereka cha malata a kalasi ya Sande sukulu, mvula yayandikira ndipo mizinda iwiri sinapereke.

Ine mbusa wanu.