Tisanagulitse ng'ombe, tifunse kaye za impsoyo

A Mkonzi,

Ndikulemba ndili kuno ku Ulongwe, ku Angónia. Amalume anga impso zonse ziwiri zinasiya kugwira ntchito, miyendo inatupa mpaka nsapato zinakana, panopa ali kutali nafe pa makina osefa magazi katatu pa sabata. Pa msonkhano wa banja anthu anangoti tigulitse ng'ombe ndi mbatatesi zonse apite ku India akawaike impso ina, ngati kuti impso ndi tayala la njinga, wachotsa lakale waika latsopano basi.

Sizili choncho ayi. Ku America kuyambira mu 2014 amapereka mapointi kwa onse awiri, impsoyo ndi woilandira. Impso ya munthu womwalira amaiyeza ndi nambala yotchedwa KDPI, kuyambira 0 mpaka 100, amaona zaka zake, msinkhu ndi kulemera kwake, ngati anali ndi BP kapena shuga, chomwe chinamupha, komanso creatinine wa m'magazi (zinyalala zomwe impso zimachotsa m'magazi). Nambala ikakhala yotsika impsoyo ikuyembekezeka kukhalitsa, ikadutsa 85 ndiye kuti itha kutopa msanga. Wodwala naye ali ndi yake, EPTS, ndipo amangoona zinthu zinayi: zaka, shuga, ngati anaikidwapo kale chiwalo, ndi nthawi yomwe wakhala pa makina aja. Impso zabwino kwambiri, za KDPI ya 20 kutsika m'munsi, amayamba kupatsa omwe akuoneka kuti akhala nazo zaka zambiri.

Chachinayicho ndi chimene chikundisowetsa tulo ine. Mwezi uliwonse umene tikukangana kuti ng'ombe yandani igulitsidwe, amalume ali pa makina, ndipo mwayi wawo ukucheperachepera. Shuga ali nayenso, zaka zapita.

Mchemwali wawo, mayi anga aang'ono, anadzipereka nati, "Atenge impso yanga achimwene achire," tonse misozi. Zoona impso ya munthu wamoyo imakhalitsa kuposa ya womwalira, ndipo mapointi a KDPI aja sawerengera wamoyo, koma iwowa BP sanayezetsepo chibadwire, mutu ukawawa amangogula panado pa okala. Nanga akapereka kenako yotsalayo n'kufooka, tidzapita nawo kuti?

Manambalawa anapangidwa poona odwala a ku America, sanganeneretu za munthu mmodzi wa ku Angónia, komabe mafunso ake ndi omwewo. Ndiye abale anga a ku Tete, Moatize, Tsangano, dokotala akatchula zoika impso mufunseni: magazi athu akugwirizana? Woperekayo mwamuyeza shuga, BP ndi impso zake zonse ziwiri? Pa zaka ndi matenda a wodwala wathuyu, impsoyo ingagwire zaka zingati? Nanga mankhwala oletsa thupi kuikana, omwe amamwa tsiku lililonse osadumphitsa, tizikawapeza kuti ndipo ndi ndalama zingati pa mwezi?

Ife tagwirizana kuti Lolemba mayi aang'ono akwere chapa akayezetse kaye, ng'ombe zikhale m'khola.

Wowerenga wanu,
Ulongwe, Angónia